Kakiyi ka Boma ndi Fodya wa a Nabanda

Ndisanayambe, ndikupempheni chinthu chimodzi: mukakumana ndi a Nabanda, akazi anga, musawauze kuti nkhaniyi ndalemba. Iwo ali ndi kafotokozedwe kawo, ndipo m'kafotokozedwe kawoko ine ndimaoneka ngati munthu wopanda mutu. M'kanga kano mutu ulipo ndithu, kungoti masiku amenewo ndinauika pamalo olakwika.

Kwathu kuno kwa Simlemba, pa kamsika kathu, tili ndi magetsi athuathu. Mawaya a m'tauni tinawadikira mpaka kumera imvi, ndiye anthu ena achifundo anatithandiza kuika magetsi a dzuwa. Masola ali ndandanda kuseri kwa chigayo, pambali pake pali kanyumba ka mabatire, ndipo mawaya amayenda pa mapolo kulowa m'magolosale ndi m'nyumba za amene anakwanitsa. Aliyense ali ndi mita yake. Mayunitsi akamatha mita imalira ngati mwanapiye wosochera, kenako zii. Ukatero umapita ku ofesi kukagula ena. Ofesiyo musaiganizire patali: ndi kachipinda kamodzi, tebulo, laputopu, ndi a Nyirenda, kalaliki wathu. A Nyirenda ndi munthu wa chakumpoto kwa boma lino, Chichewa chawo chimathawira ku Chitumbuka akangodabwa kapena kuchita mantha.

Zonsezi zimayendetsedwa ndi komiti, ndipo pa nthawi imene ndikunenayi wapampando ndinali ine. Za sukulu musafunse. Ndinalekezera pamene aphunzitsi anayamba kuika zilembo m'masamu. Ndinaona kuti munthuyu wasokonezeka, ndikamutsatira tisokonezeka awiri. Koma jekete ndili nalo, pakamwanso mpotseguka, ndipo kumudzi zinthu ziwirizi zimakwana kuti munthu atchedwe a Tcheya. Dzina limeneli ndinkalikonda, abale. Pamaliro amakupatsa mpando wotsamira. Paukwati amakuika pafupi ndi keke. Ngakhale a Nabanda, amene anandidziwa ndili ndi kabudula mmodzi, nthawi zina ankaiwala n'kunditchula kuti a Tcheya popanda kunyogodola.

Chakumayambiriro kwa nyengo yogulitsa fodya, boma linaitana timagulu tonse ta magetsi a m'midzi ku maphunziro ku Boma. Ndinapita ndi a Nyirenda. (Ndisabise, ine chimene chinandidzutsa m'mamawa ndi mphekesera ya mpunga wa nkhuku.) Wophunzitsa anali mayi wina wamagalasi wochokera ku Lilongwe, tinkangowatchula kuti a Madamu. Anatiuza kuti kunja kuno kwabwera mtundu wina wa akuba, akuba a pa intaneti. Munthu amakhala kwawo kutsidya kwa nyanja, ali pa sofa, n'kulowa mu laputopu yanu osagogoda. Akalowa akhoza kudzipangira mayunitsi aulere, kapena kutseka zonse n'kunena kuti mukafuna magetsi mundilipire. Anati makampani akuluakulu ali ndi akatswiri owalondera, koma ife a kumudzi tili pambalambanda, n'chifukwa chake boma laganiza zotithandiza.

Ndinaimika dzanja. Tcheya sakhala chete pagulu.

"Pepani a Madamu, akuba amenewa agalu amawauwa?"

Holo yonse inaseka. Ine ndinaseka nawo, poganiza kuti funso lawakomera.

"Ayi bambo, galu wa kunyumba sangawaone," anatero a Madamu. "Galu wawo ndi uyu."

Anatulutsa kanthu kakuda, kochepa kuposa chala changa chaching'ono. Anati ndi kakiyi. Laputopu singagulitse yunitsi n'imodzi yomwe kakiyiko kasanalowetsedwe m'mbali mwake, ndipo wakuba ngakhale adziwe mawu achinsinsi otsegulira, popanda kakiyi palibe chimene angaphule. Gulu lililonse linalandira kake, katamatidwa kapepala ka dzina la gululo. Anati masana kazikhala ndi kalaliki, ofesi ikatsekedwa kazipita kwa wapampando, kasamagone chipinda chimodzi ndi laputopu. Chachilendo chikachitika tiziimba foni msanga pa nambala imene anatipatsa. Ndipo malo osungira asawadziwe munthu wamba.

Ndinaimikanso dzanja. "Ngakhale akazi anga asadziwe?"

"Ngati sali mu komiti, ngakhale akazi anu, bambo."

Ndinawapempha kuti abwereze, anabwereza. Mtima wanga unachita kuti myaa. Pa zaka zonse za banja lathu ndinali ndisanasungepo chinsinsi chofika mawa lake, poti a Nabanda amadziwa ngakhale zimene ndisanayambe kuziganiza. Tsopano ndinali ndi chinsinsi chovomerezedwa ndi boma.

Panali zinanso zimene ananena titadya, koma mpunga uja unali wambiri ndipo m'holomo munali kamphepo kabwino.

Nditafika kunyumba, vuto linali malo. M'thumba la jekete? A Nabanda amasecha matumba asanachape (amasechanso ngakhale asakufuna kuchapa). Pansi pa matiresi? Ndi pamene wakuba aliyense amayambira. Kukumba pansi? Chiswe cha kwathu kuno chimadya mpini khasu likuona. Ndinazungulira nyumba yonse, mpaka ndinaima pa khomo la chipinda cha fodya. Nzeru inabwera pamenepo.

Amene simuli alimi, mvetserani. Fodya akauma m'chigafa amasankhidwa tsamba ndi tsamba, n'kumangidwa m'mitolo ing'onoing'ono imene timati mindindi. Mindindiyo imaunjikidwa m'chipinda kudikira jeke yodindira mabelo. Pa mudzi wonse palibe malo olonderedwa ngati chipinda chimenecho. Loko wamkulu, galu pakhomo, kuphatikiza makutu a a Nabanda amene amamva ngakhale khoswe akameza malovu. Ndinati ngati boma likufuna chitetezo, chitetezo n'chimenechi. Ndinakulunga kakiyi mu jumbo ya buluu kuti fumbi lisalowe, n'kukabisa pakati pa masamba a umodzi mwa mindindi ya fodya wabwino kwambiri, uja wamasamba aataliatali amene a Nabanda ankamugwira ngati khanda.

Apa alimi anzanga mwagwira kale pakamwa. Inde, ndikudziwa. Pulasitiki ndi fodya siziyenderana. Ku okushoni akapeza ngakhale kachidutswa, belo limabwezedwa. Ine ndemwe ndinkalalikira zimenezi ku kalabu ya alimi, chala chili m'mwamba. Koma ndinkati, kodi si ndizikatulutsa m'mawa uliwonse?

Ndipo zinayenda bwinobwino. M'mawa ndinkalowa ngati ndikukaona chinyezi, madzulo ngati ndikukaona makoswe.

"Chaka chino mwayamba kumukonda fodyayu bwanji?" anafunsa a Nabanda. "Posankha munkati msana."

"Msana unapola, mayi."

Ku ofesi a Nyirenda akangomasula jumbo, chiyetsemulo chosatha.

"Dada, kanthu aka kakugona nkhu?"

"Funso limenelo boma linaletsa, a Nyirenda."

Ofesi yathu imatseka Loweruka masana mpaka Lolemba. Loweruka lina ndinapita kwa Mwase ku mwambo wa chiliza cha mnzanga wakalekale. Ndinatsanzika kuti ndibwera tsiku lomwelo, koma anthu a kumeneko amadziwa kukumbukira malemu. Masese ake anali oti ukaimirira miyendo imapempha kuti mukambirane kaye. Ndinagona konko.

Tsono pa mudzi wathu jeke ndi imodzi. Imayenda khomo ndi khomo, ndipo ikafika pako sufunsa kuti abambo ali kuti. Umadinda tsiku lomwelo. Ukazengereza imapita kwa wina, udzaionanso anzako atagulitsa kale. Ife tinkaiyembekeza sabata inayo. Koma mayi woyandikana nafe anali asanamalize kusankha fodya wawo, ndiye mpata wawo anaupereka kwa a Nabanda. Mwatsoka lake, lole ya Che Bwanali inkanyamukanso Lamulungu m'mawa. Che Bwanali ndi mwini golosale yaikulu pamsika, mwini lole yonyamula mabelo, komanso wachiwiri wanga mu komiti. Ndi munthu wabwino, wopemphera, koma mpando wanga ankauyang'ana ngati mmene mbuzi imayang'anira dimba.

Ndinafika Lamulungu dzuwa litapendeka. Ndinapeza a Nabanda ali pakhonde akumwetulira, chinthu chimene pachokha chinandiopsa. Chipinda cha fodya chinali chotsegula, pululu, chosesedwa.

"Fodya ali kuti?"

"Ali paulendo. Jeke inabwera dzulo, alongo anga anandithandiza kudinda, lole yanyamula m'mawa. Simundiyamika?"

"Yense?"

"Mumafuna ndikusiyireni wosuta?"

"Podindapo simunaone… kanthu?"

"Kanthu kanji?"

"Ayi, ndimati khoswe."

Masese onse a kwa Mwase anatuluka ngati thukuta nthawi yomweyo.

Apa ndi pamene munthu wamutu akanaulula. Koma kuulula kunali kuuza a Nabanda kuti m'fodya wawo wabwino uja muli pulasitiki, kenako kuuza komiti kuti kakiyi ka boma kali pa lole. Ndinaona mpando wotsamira uja ukuchoka pang'onopang'ono. Ndinati ndigone kaye, mwina nzeru ibwera. Sinabwere.

Lolemba m'mawa ndinapeza anthu aima kale pa ofesi kudikira mayunitsi. A Nyirenda anatambasula dzanja, mphuno atakonzekera kuyetsemula.

"A Nyirenda," ndinatero motsitsa mawu, "atilowera."

"Mbanjani, dada?"

"Akuba aja. A pa intaneti. Kakiyi atenga."

Ndikulumbira, sindinakonzekere. Bodzalo linangotuluka lokha, litavala kale nsapato.

A Nyirenda anakanda m'mutu. "Kweni a Madamu anati iwowo amalowa mu laputopu, osati m'nyumba."

"Amenewo ndi a chaka chatha. A chaka chino apita patsogolo."

Dzuwa lisanafike pamutu nkhani inali itazungulira msika. Mayi wa zitumbuwa anaphimba mita yake ndi chitenje kuti isaonedwe. Wina anaika foni mumphika n'kuvindikira. Wometa anati iyeyo anamva chinthu chozizira chikudutsa m'khosi mwake Loweruka. Wokonza njinga anachiona ndi maso, chinali ngati kamvuluvulu, chinazungulira masola kenako n'kulowera cha kwathu. Anthu anayamba kubwera kwa ine kudzafunsa nzeru, ine n'kumapereka. (Wina ndinamuuza kuti foni azigona nayo chafufumimba, kuti akuba akabwera aone nsana.) Ndisaname, tsiku limenelo uTcheya unakoma kuposa masiku onse.

Kenako mamita anayamba kulira. Inayamba ya wometa, kasitomala atametedwa mbali imodzi. Munthuyo anayenda ndi chipewa sabata yonse. Inatsatira ya ku kanema, filimu ili pakati, anthu n'kufuna kuswa mabenchi. Otchajitsa mafoni anatseka. Nyumba ndi nyumba anthu anayamba kufufuza koloboyi amene anamutaya kalekale. Masola anali phee kuseri kwa chigayo, mabatire odzaza, koma magetsi osagulika. Amene dzulo ankandifunsa nzeru anayamba kundiyang'ana cham'mbali.

Ndiye kunabwera Che Bwanali, mkanjo uli pekupeku.

"A Tcheya, firiji yanga yayamba kutuluka thukuta. Muli nyama ya mbuzi mmenemuja. Boma mwaliimbira?"

"Tikufufuza kaye patokha."

"Mukufufuza chiyani? Mapazi a intaneti?"

Anawalamula a Nyirenda kuti aimbe pompo, foni ayiike pokweza kuti aliyense amve. A Madamu anayankha. Anatiyamika kuti tanena, ngakhale anati tachedwa. Kenako anafuna ine.

"Bambo, kakiyi kaja ndi kanthu kogwirika ndi manja. Wa pa intaneti sangakanyamule. Munkakasunga pati?"

Maso onse anali pa ine.

"A Madamu, munaletsa nokha kunena."

Anthu anagwedeza mitu kuvomereza. A Madamu anamveka ngati akumeza kuseka. Kenako anati chabwino, abweretsa kena, koma ali paulendo woyendera magulu ena ndiye tipirire. Anapempha kuti alankhule ndi a Nyirenda paokha. Awiriwo analowa m'Chingerezi, ine ndinasiya kumvetsera poti mutu unali pa lole.

Che Bwanali anandikokera pambali. "A Tcheya, ine sindikunena kanthu. Koma msika wonse ukazima, komiti ikhala pansi. Ndipo pokhala pansipo tidzaonanso kuti akukhala pati ndani."

Apa ndinadziwa kuti njira ndi imodzi. Ndipite ku okushoni, nditulutse kakiyi m'belo mwakachetechete, ndibwere nako n'kulengeza kuti ndalanda kwa akuba. Magetsi ayaka, mpando ukhala, a Nabanda sadziwa kanthu. Pulani imeneyi ndinaiona kuti ilibe chilema.

Uthenga utabwera wakuti mabelo athu alowa pamzere, ndinauza a Nabanda kuti ndiwaperekeza.

"Mwadwala?"

"Chikondi, mayi."

"Chikondi chimenechi chinali kuti chaka chatha pamene ndinapita ndekha n'kubwera wapansi kuchokera kumsewu?"

"Chinali chisanakhwime."

Tinakwera lole ya Che Bwanali yomweyo, poti ankapititsa mabelo ena.

Amene simunafikeko, ku okushoni ndi chinyumba chachikulu ngati bwalo la mpira, mabelo ali m'mizeremizere, ziguduli zitatsegulidwa pamwamba. Oyendera amadutsa kusolola mindindi kuti aone za m'kati, kenako ogula amabwera pambuyo akulankhula mofulumira ngati akukangana ndi njuchi. Alimi amaima chapambali, mitima ili m'manja. A Nabanda anapeza mabelo athu, n'kuyamba kucheza ndi amayi anzawo a ku kalabu. Ine ndinati ndikukaona kumbuyo, n'kuzembera mumzere.

Chimene ndinaiwala n'chakuti fodya wodindidwa ndi jeke amalimba ngati njerwa. Ndinapisa dzanja, linangofika m'chigongono. Ndinapapasa, masamba okhaokha. Ndinavula jekete, n'kupisanso, tsaya litagunda pa belo.

"Madala, mukutani pamenepo?" Anali mlonda.

"Ndikutsanzikana naye, mwanawe. Tachokera kutali."

"Tsanzikanani ndi maso. Tulukani mumzere."

Ndinatuluka, ndinazungulira, n'kulowera mbali ina. Koma mabelo amafanana, abale. Ndili mkati mopapasa ndinamva mthunzi wandiphimba. Kutukula maso, chimunthu chamapewa ngati goli la ngolo.

"Agogo, dzanja lanu lasochera. Belo ili ndi langa."

"Ndimangoyamikira, bambo. Fodya wokoma."

"Yamikirani muli apo."

Pofika pamenepa aliyense wovala yunifomu anali atandidziwa. Woyendera wina anandiyang'ana kwa nthawi, kenako anafunsa kuti mabelo a mdala uyu ndi ati. Kwa iwowo mlimi akamapisapisa m'belo ndiye kuti wabisamo fodya woola kapena miyala. Mabelo a anthu ena ankangosolola pamwamba n'kudutsa. Atafika pa belo lathu labwino lija anapinda malaya, anaitana mnzake, n'kuyamba kufukula ngati akukumba mbewa. Mindindi inatuluka, inatulukanso. Kenako ndinaona buluu.

Anaikweza m'mwamba jumbo ija ndi zala ziwiri, ngati wagwira khoswe kumchira.

"Mwini wake ndani?"

A Nabanda anafika akuthamanga. Anayang'ana jumbo, anayang'ana belo, limene munthu uja anali akulilemba kale chizindikiro choti libwezedwe.

"Pulasitiki? M'fodya wanga ine? Ine amene ndimavula ngakhale mpango wa nayiloni ndikamasankha?" Mawu awo anamveka mpaka ku mzere womaliza. "Alipo wandichita chipongwe. Ndadziwa! N'chifukwa chake mayi uja anandipatsa jeke mwaulere chonchija. Ndikafika aona!"

Mayi wosalakwa, amene anatichitira chifundo. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene, koma woyendera uja anali atamasula kale jumbo. Kakiyi kanagwa pasimenti, kanadumpha, n'kukaima pa nsapato ya munthu wina. Nsapatoyo inali ya Che Bwanali.

Anawerama pang'onopang'ono, anakatola, anawerenga kapepala ka dzina la gulu lathu. Anakanunkhiza. Kenako anandiyang'ana mwachifundo chimene sindidzachiiwala.

"A Tcheya, ndiye kuti akuba a pa intaneti aja ndinawanyamula ndine pa lole? Osalipira n'komwe?"

Ndinayesa komaliza. Munthu akamamira amagwira ngakhale mpweya.

"Mwaona kuchenjera kwawoko? Anakatenga, n'kukabisa m'fodya wathu dala, kuti anthu aziti…"

A Nabanda anatembenuka. Sanakweze mawu. Ndikanakonda akanakweza.

"Malizani, a Tcheya. Anthu aziti chiyani?"

Sindinamalize.

Pobwerera a Nabanda anakhala kutsogolo ndi Che Bwanali. Ine ndinakhala kumbuyo ndi belo lobwezedwa lija, awirife tikugundanagundana m'mabampu. Koma kakiyi kanali m'dzanja langa, poti Che Bwanali anandibwezera akuseka. Ndinadzilimbitsa mtima. Ndinati manyazi alipo inde, koma ndikangoyatsa magetsi anthu aiwala. Munthu firiji yake ikayamba kulira sakumbukira za dzulo.

Lole isanaime bwino ndinali nditatsika kale. Ndinathamangira ku ofesi, fumbi lili thupi lonse, kakiyi kali m'mwamba.

"A Nyirenda, lowetsani! Anthu afole!"

Anthu anafoladi. A Nyirenda anayetsemula, analowetsa kakiyi, anadinadina. Laputopu inatulutsa mawu ofiira. Anandiyang'ana mwaulemu.

"Dada, aka kali kufwa."

"Kafa bwanji? Jeke?"

"Yayi. A Madamu anakapha tsiku lomwe lija tinaimba foni. Kakiyi kakangonenedwa kuti kabedwa, amakazimitsa ali konko kuti wakuba asakagwiritse ntchito. Anatiphunzitsa ku Boma kuja."

"Liti?"

"Titadya mpunga, dada."

Ndiye kuti ulendo wonse uja, kupisa konse kuja, ndinapitira kukaonetsa oyendera pamene pali pulasitiki.

A Madamu anabwera patapita masiku ndi kakiyi katsopano. Pofika nthawi imeneyo msika wonse unali utazima, ndipo nyama ya Che Bwanali inali itagawidwa kwa anthu isanaonongeke (ine sanandipatseko). Komiti inakhala pansi, koma anabwera ndi mudzi wonse, ngakhale amene alibe mita. Che Bwanali anafotokoza nkhani yonse, a Nabanda akuthira ndemanga pamene waiwala. Wometa anakana kuti iye sanamvepo chozizira m'khosi. A Madamu anavula magalasi n'kumapukuta m'maso, ati fumbi.

Atapeza mpweya analankhula mwachilungamo ndithu. Anati kusunga kakiyi kutali ndi laputopu ndinachita bwino. Kutaya kanthu si mlandu, aliyense amataya. Chimene chinazimitsa msika ndi kuchedwa kunena, ndipo chimene chinaopseza anthu ndi bodza. Anati akuba a pa intaneti alipodi, ndipo tsiku limene adzabwere zenizeni anthu a kuno adzati ndi fodya wa a Nabanda, osaimba foni. Pamenepo sindinaseke. Anavomeranso kuti iwo a boma aphunzirapo kanthu: chinsinsi chosungidwa ndi mdala mmodzi n'choopsa. Kuyambira tsiku limenelo malo osungira aziwadziwa anthu awiri a mu komiti.

Kenako anthu anaimika manja. Sindinawerenge, koma dzanja la a Nabanda ndinaliona, ngakhale sali mu komiti. Che Bwanali anakhala a Tcheya. Ine ndinatsala membala wamba, wa pa benchi.

Kunyumba chigamulo chinali china. Ndinapita kukapepesa kwa mayi woyandikana nafe uja nditanyamula nkhuku, chifukwa mawu a ku okushoni anafika kwawo ife tisanafike. Belo lija ndinalimasula n'kulisankhanso ndekha, tsamba ndi tsamba, a Nabanda atakhala pampando patsogolo panga. Msana sunaloledwe kudwala. Litapitanso ku okushoni, mitengo inali itatsika, ndipo nkhani ya kutsikako imatuluka m'nyumba mwathu nthawi iliyonse ndikapempha shuga wowonjezera mu tiyi.

Phunziro ndinalitola, sindikukana. Ukataya kanthu ka gulu, nena msanga. Bodza lisiye, chifukwa limafuna lole. Koma pali mbali ina imene mtima wanga sunagonjebe.

Posachedwapa ndinakwera minibasi ku Boma, ndinakhala pafupi ndi bambo wina wajekete, atakumbatira chikwama ngati muli mazira. Tinacheza. Anati ndi wapampando wa magetsi a kwawo, akuchokera ku maphunziro a boma a zoteteza makompyuta.

"Mayi wophunzitsayo anatiseketsa," anatero. "Ati kuli mdala wina kuno ku Kasungu, dzina sanatchule, anabisa kakiyi m'fodya mpaka kanakafika ku okushoni. Anthu ena, inu!"

"Zoona, anthu ena," ndinatero. "Koma tandiuzani, wakuba anakapeza?"

"Ayi."

"Wa pa intaneti kapena wa miyendo, alipo anakapeza?"

"Sananene kuti alipo."

"Nanga akazi ake?"

"Ati nawonso sanadziwe."

"Ndiye malowo anali oipa pati?"

Bamboyo anandiyang'ana kumaso, anayang'ana zala zanga, kenako anakokera chikwama chake mbali inayo.

"Madala, inu mumalima fodya?"

"Ine? Ayi, bambo," ndinatero ndikuyang'ana pawindo. "Ine ndi wa soya."